Pansi pa Mpando wa Dalaivala

Ku Gazaland, kuseri kwa mpanda wa malata,
ntchito yanga ndi kuwongola zimene msewu wapinda.
Zaka makumi awiri ndi zinayi nyundo ili m'manja.
Galimoto ikafika chokokedwa
sindiyambira pa chitseko, sindiyambira pa bampala,
ndimagwada, n'kupisa dzanja pansi pa mpando wa dalaivala.
Galimoto imaululira kumeneko.

Ndapezako timabotolo ta mowa wolusa
tobisika m'chikhatho,
ndapezako mankhwala a chifuwa, otsekemera ngati uchi,
omwedwa ndi anyamata osatsokomola,
ndapezako kapaipi kagalasi
kakuda kunsonga ngati dzino lobooka,
ka iwo okana tulo masiku atatu
kuti ndalama ya mwini kombi ikwane.
Zonse ndinkaziponya m'chigubu cha oilo wakutha,
n'kupukusa mutu,
ine woyera m'manja ngakhale muli girisi.

Lachiwiri lija, Maganizo, unabwera ndi chimfine,
maso ali psuu, mphuno ikuchucha,
kombi ili panja, injini osazimitsa.
Iwe amene mowa sunaulawe chibadwire,
amene umaimba besi m'kwaya ya ku Mufakose.
Unati, Achimwene, mutu ukung'ambika,
koma ndikagona lero, makiyi apatsa wina.
Ndinatsegula bokosi la masipanala,
muli mapiritsi otsala a mlamu wako,
achikasu, ang'onoang'ono ngati mapira.
Imwa awiri, ndinatero.
Onjezera lachitatu, thupi lonseli.
Kapepala kake ndinali nditapukutira zala kalekale.

Akuti pa msewu wa Seke, dzuwa litapendeka,
sunathamange,
loboti sunailumphe.
Unangoweramitsa mutu ngati munthu woyamba pemphero,
kombi n'kumadziyendera yokha,
pang'onopang'ono kusiya mzere,
kulunjika mlongoti wa magetsi.
Kondakitala anakuwa dzina lako kawiri.

Amayi a Rumbidzai, ogulitsa matimati ku Mbare,
anakhala kutsogolo chifukwa cha bondo lovuta.
Dengu lawo linafika kwawo Lachinayi,
atalinyamula mnansi.

Apolisi anakupumitsa m'kachipangizo kawo,
sikanaone kanthu.
Pa siteji ena akuti unaledzera mobisa,
azakhali akuti pali munthu wakuchita chipongwe,
abusa akuti tisafunse za Mulungu.
Ine ndimamva zonsezi nditanyamula nthochi ndi fulasiki ya tiyi
pa khonde la chipatala,
pakamwa nditatseka ngati boneti yochita dzimbiri.

Dzulo mwini kombi waikokera kuno.
Akuti ndani wina angaiwongole bwino, si ya mng'ono wako?
Ndinadikira anyamata apite kukadya.
Ndinagwada.
Ndinapisa dzanja.
Munalibe botolo, munalibe paipi.
Munali dola imodzi yopindapinda, chipeso chako,
ndi kapaketi konyezimira
ka mabowo atatu opanda kanthu,
pakona pake chidindo cha girisi,
chala changa chachikulu, mizere yonse kuoneka.

Ndinayenda wapansi mpaka ku famase ya ku Machipisa,
ndinapempha kapepala kokha, osati mankhwala.
Mtsikana wa pa kauntala anandilozera ndi chikhadabo
mzere waung'ono, zilembo ngati nyerere:
amagonetsa, osayendetsa galimoto.
Anafunsa ngati ndikufuna china.

Maganizo, chitsulo ndimachidziwa.
Ukachiwotcha chimafewa, ukachimenya chimamva,
ukachipaka penti chimaiwala.
Za m'ntchafu mwakozo anamanga ndi anzanga ovala zoyera,
akuti udzayenda, chotsimphina.
Loweruka ndikubwera popanda nthochi.
Kapaketi kali m'thumba la ovolosi,
ndikakuika m'dzanja lako, uone chalacho.

Kombi ikadali apo pansi pa mtengo wa jakaranda,
maluwa akugwera pampando wa kutsogolo
kudzera pomwe panali galasi.
Nyundo sindinaigwire.